Katumbu wa a MacAlvie ndi Bwinja la Amayi

Springburn, Glasgow
11 Febuluwale 2024

Achimwene a Fryson,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Mitunduko. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu sichiona kuti munthu wakhalitsa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumangoti "eti? eti?" mpaka mayunitsi a mwana wa eni kutha, ndipo nkhani iyi si ya eti.

Mwana wanu Tiyanjane wapeza banja. Mnyamatayo ndi Euan MacAlvie, mzungu wa konkuno, amawotcherera zitsulo kopangira sitima za pamadzi ku Govan. Ndi wofatsa, sasankha ndiwo, ndipo akabwera kunyumba amatsuka mbale osatumidwa, zomwe poyamba zinkandichititsa manyazi. Ukwati akuufuna mu Sepitembala. Mwini mbumba ndinu, choncho ndikupempha mawu anu, komanso mundiuze ngati a Maurice Gondwe, mkulu wa mpingo wathu kuno, angakuimireni pa unkhoswe.

Sabata yatha anatiitana kwa makolo ake ku Shawlands. Bambo ake, a Alasdair, anapuma ntchito yoyendetsa basi, ndipo chipumireni ntchito yawo ndi imodzi basi: fuko la MacAlvie. Tiyi anachita kuzizira m'kapu akundionetsa mabuku. Kuno fuko lililonse lili ndi nsalu yake ya mizeremizere, amati tatani, komanso baji yake. Yawoyo ndi yasiliva. Pali katumbu ataluma nsomba, ndipo katumbuyo wazunguliridwa ndi lamba womangidwa bwinobwino. Palambapo analembapo mawu a chinenero chawo chakale, akuti amatanthauza kuti "Sindichoka pano."

Akuti pa tsiku la ukwati mayi a mnyamata adzakoleka nsaluyo paphewa la Tiyanjane n'kuimanga ndi baji, kusonyeza kuti walowa m'fuko lawo. Ine ndinangothokoza, poti nsalu yake ndi yokongola ndithu. Kenaka anandifunsa kuti nanga chizindikiro cha kwathu n'chiyani, akufuna achijambulitse pa makadi pambali pa katumbu wawo. Ndinasowa poyambira. Ndinawauza kuti zotere amadziwa ndi achimwene, ndiye ndi izo ndakutulirani.

Mvula ikuyenda bwanji? Mupereke moni kwa onse.

Ndine mlongo wanu,
Nelia

Mitundu
19 Malichi 2024

Mlongo wanga Nelia,

Kalata yako yandipeza itagona kaye mu ofesi ya ahedi kusukulu. Tili bwino. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo chaka chino tikolola zochititsa manyazi. Ukapeza wobwera kuno, unditumizireko mankhwala opaka mawondo aja.

Za Tiyanjane ndakondwa. Munthu wotsuka mbale sindinamuonepo, koma si mlandu. Chandiimika mutu ndi nsaluyo ndi lambayo, ndipo iwe wazilemba ngati ukunena za keke.

Ukudziwa kuti pabwinja la amayi, pamene pali mitengo iwiri ya mango paja, ndi munda wa kudambo, ndimalambula ndi kulima m'dzina lako. Ana anga sangatengepo, kwawo ndi kwa mayi awo ku Nathenje. Loyce, mwana wa mayi aang'ono, chaka ndi chaka amandipempha kuti Yvonne wake amange pamenepo. Yankho langa lakhala limodzi: Nelia ali ndi mwana wamkazi. Tsono mwanayo akakamukoleka nsalu ya eni pamaso pa anthu, n'kumumanga lamba, chimenecho n'chitengwa, ndipo ana ake ndi a kuchimuna. Pamenepo ine pakamwa pandithera. Abale agwirizana kuti mu Ogasiti tikhale pansi, nkhani ya bwinjali ithe.

Sindikunena zongopeka. Paja Goodson Kachingwe anakutenga chonchi, amvekere sukulu ya zaka ziwiri, osaumbako ndi njerwa imodzi yomwe pamudzi pano. Mapeto ake anakusiya kumeneko ndi mwana m'manja n'kutsata wina. Ulendo umodzi womwewo unakwana.

Asewere athuwo uwauze kuti chizindikiro tilibe. Munthu wathu sanatisokonekerepo mpaka kumufuna ndi baji. Uwafunse bwino za lambayo, undilembere zomveka. Za a Gondwe ndiyankha ndikamva.

Ndine mlongo wako,
Fryson

Springburn
21 Epulo 2024

Achimwene,

Moni nonse. Pepani ndachedwa, kuchipatala kwatichepera anthu ndipo ndikafika kunyumba cholembera chimalemera ngati khasu. Mankhwala ndapatsira mwana wa sukulu wina, Lusayo, yemwe akubwera ku Lilongwe mwezi wa mawa.

Funso lanu ndinalipititsa ku Shawlands. Mukanaona mmene a Alasdair anasangalalira! Akuti mwana wawo yemwe sanawafunsepo za lambayo chibadwire, ndiye kuti inu amene muli kutali ndinu munthu womvetsa zinthu. Anandikhazika mpaka basi ziwiri kundisiya.

Lambayo samanga mkazi. Katumbu uja si wa aliyense wotchedwa MacAlvie, ndi wa mfumu ya fuko yokha. Ena onse akafuna kumuvala ayenera kumuzunguliza lamba, kutanthauza kuti chinthuchi si changa, ine ndine munthu wa mwini wake. A Alasdair eni akewo amavala wa lamba. Ku Edinburgh kuli bwalo la milandu loona zizindikiro zimenezi, ndipo akuti ukachotsa lambayo n'kumadzionetsa ngati mwini, angathe kukuimba mlandu. Ndinafunsa kuti mfumuyo imakhala kuti. Akuti ili ku Canada, imazula anthu mano. Anaigwirako chanza kamodzi pamsonkhano, ndipo chithunzi chake chili pamwamba pa wailesi ya kanema.

Nkhawa yanu ndinainena mosabisa, kuti kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mwamuna amabwera kwa mkazi. Ndimayesa akwiya. M'malo mwake anakatenga chithunzi cha chishango cha mfumu yawo, chogawidwa panayi. Zigawo zitatu ndi za a MacAlvie, koma chimodzi cha m'munsi muli kangalawa. Akuti kalekale, zaka mazana atatu zapitazo, ana aamuna onse a mfumu anathera kunkhondo, n'kutsala mwana wamkazi dzina lake Mairi. Anakwatiwa ndi munthu wa kuzilumba, wa fuko lina. Akuluakulu anati akafuna mkaziyo asiye dzina la kwawo, atenge la MacAlvie, akhale m'chigwa cha mkazi wake, ndipo ana akhale a komweko. Munthuyo anavomera. Chimene anamusiyira ndi kangodya ako ka chishango kuti ajambulepo ngalawa ya kwawo. A MacAlvie onse a lero, ndi ozula mano omwe, anachokera mwa awiriwo.

Euan anali pomwepo, akumvetsera mwatcheru. Tiyanjane anali pafoni.

Ndiye mtima ukhale m'malo, achimwene. Ndi nsalu chabe.

Nelia

Mitundu
20 Meyi 2024

Mlongo wanga,

Tili bwino, mankhwala afika ndipo mawondo ayamba kumva.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti alamu ako amve nawo. Ndiye kuti fuko lonselo, ndi mabaji awo ndi bwalo lawo la milandu, ndi ana a mkamwini! Ndaseka mpaka kutsokomola. Anthu amenewa ndi anzathu, angoiwala chabe.

Mawu anga ndi awa. Mnyamatayo achite monga anachitira kholo lake lija. Akatero, nsaluyo amukoleke Tiyanjane ngakhale ziwiri, ine ndilibe nazo kanthu. Koma zichitike Ogasiti asanafike, kuti pokhala pansi ndi abale ndidzakhale ndi choloza.

Loyce ndamutsina kale khutu kuti mkamwini wachizungu ali m'njira. 

Fryson

Shawlands, Glasgow
23 Juni 2024

Amalume,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Pepani Chichewa changa, ndimamva koma kulemba ndi problem, ndiye Jessica wa kutchalitchi akundithandiza.

Mum anatiwerengera kalata yanu mu English. Euan anaganiza kwambiri. Ananena kuti amalume ako akunena zoona, kholo langa linachita, inenso ndingathe. Ndiye nkhani yabwino ndi iyi: Euan akusiya dzina lake. Tikakwatirana adzakhala Euan Kachingwe, ngati ine, ndipo ana athu onse adzakhala a Kachingwe. Makadi tapangitsa kale ndipo tatumiza kwa anthu. Kuntchito anzake akumuseka koma iye alibe nazo ntchito.

Sizinali easy, amalume. Euan ndi mwana yekhayo, ndipo dad ake alibe achimwene. Iye akasiya, dzina la MacAlvie m'banja mwawo latha. Dad ake anatuluka m'nyumba osavala jekete, ndipo kwa masiku angapo sankatiyankhula. Kenako anabwera okha, anati mbiri imeneyo anafotokoza ndi pakamwa pawo, sangaikane lero chifukwa yawatembenukira. Ndinalira, Euan nayenso.

Mum tinawabisira mpaka makadi atatuluka kuti ikhale surprise. Ataona khadi anangokhala pansi, ndikuganiza kuti anakhudzidwa.

Ndimakumbukira mango a kwa agogo, amene munkanditcholera ndili wamng'ono. Alipobe? Tsopano tachita zimene munapempha, ndiye mutidalitse.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane

Springburn
24 Julayi 2024

Achimwene,

Moni. Mwezi watha osamva kanthu kwa inu. Alamu anandiuza pafoni kuti kalata ya Tiyanjane inafika, ndipo kuti foni mukuikana, mukuti makutu. Makutu anuwo ndimawadziwa, amamva zimene afuna.

Ine sindinadziwe kanthu mpaka khadi lili m'manja. Mawu anu ndinawamasulira monga munalembera, kuti achite monga kholo lake. Za kubwera kumudzi, kupatsidwa malo ndi kuumba njerwa simunalembe. Anthu a kuno fuko amaliona pa dzina. Mnyamata uja anafunafuna chinthu chachikulu kuposa zonse chomwe ali nacho, n'kuchipereka. Sakudziwa kuti kwathu dzina la kumapeto ndi la bambo, ndipo kuti mbumba siyendera pamenepo. Tiyanjane nayenso sadziwa. Anachoka kumudzi asanayambe sukulu, ndipo za Goodson ndinamuuza zochepa.

Ndawafotokozera tsopano. Euan anafiira nkhope yonse, anati abwera adzamange. Koma tchuthi chake cha chaka chino chathera ku ukwati, ndipo kuntchito kwawo sitima ikakhala pakati salola munthu kuchoka. Akuti chaka cha mawa, mwina mu Julayi. Za dzinazo kubweza sikutheka. A Alasdair anameza kale chowawacho pamaso pa abale awo. Ndikawauze kuti pepani, munalira pachabe, dzina lanu sitimalifuna n'komwe? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo.

Chonde akuluakulu adikire chaka chimodzi chokha. Loyce wadikira zaka zonsezi, chimodzi sichimupha. Bwinja limenelo ndi pamene ndinabadwira, achimwene, ndipo ndikaliganiza tulo sindipeza.

Nelia

Mitundu
27 Ogasiti 2024

Mayi Kachingwe,

Poti dzinali ndi limene lakoma kumeneko, ndati nanenso ndilitchule. Tili bwino.

Za njerwa sindinalembe, n'zoona. Ndimalembera munthu wobadwira pamudzi pano, yemwe anaona bambo athu akumanga nyumba pa malo a amayi. Sindimadziwa kuti nayenso afunika kumumasulira.

Tinakhala pansi Loweruka lapitali, pansi pa mango omwe aja. Chifukwa ndinali nditalengeza kale za mkamwini, anandifunsa kuti ali kuti. Ndinatulutsa kalata ya Tiyanjane n'kuiwerenga yonse. Nditafika pa dzina la Kachingwe, amalume a Goodwill anandiimitsa kuti ndibwereze, amayesa sanamve bwino. Munthu amene sanakhomepo ndi msomali umodzi pamudzi pano, lero wapeza mwana wachizungu ndi zidzukulu zomwe, iye ali phee kwa mkazi wina. Mbumba ya amayi yapeza khadi.

Pempho lako la chaka chimodzi ndinalinena. Loyce sanaseke ndipo sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, mnyamatayo akadzamanga chaka cha mawa, adzagonamo ndani, ndipo pabwalo adzasesa ndani?  Ukanakhala iwe ukanayankha chiyani?

Bwinja ndi munda wa kudambo apatsa Yvonne. Mwamuna wake anali ataumba kale njerwa kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, akungodikira. Wawotcha uvuni dzana.

Ukwati sindiuletsa. Mnyamatayo analakwitsa ndi mtima wabwino, ndipo anthu otere ndi ochepa. A Gondwe andiimire. Tiyanjane umuuze kuti mango alipo, ndipo ndamudalitsa. Zinazi usamuuze ukwati usanachitike.

Fryson

Springburn
13 Okutobala 2024

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Kalata yanu ndinaiwerenga m'basi, ndipo ndinapitirira potsikira. Sindikutsutsa chilichonse. Loyce anafunsa zoona.

Ukwati unayenda bwino. A Gondwe anayankhula m'malo mwanu, motalika monga mwa nthawi zonse. Amuna a kuchimuna anavala masiketi awo a tatani, athu anavina mpaka azungu kuvula majekete. Nsalu ija anamukolekabe Tiyanjane. Anamukoleka ndi mayi a Euan, koma baji anamanga ndi a Alasdair. Woyendetsa mwambo atanena kuti tiwalandire bambo ndi mayi Kachingwe, anthu anaimba nthungululu. Amene sitinaombe m'manja tinali awiri, ine ndi a Alasdair, ndipo tinaonana.

Sabata yatha a Alasdair anandipempha kuti andiperekeze kukaona chigwa cha makolo awo. Ndi kutali, kumpoto, ulendo wa tsiku lonse pagalimoto. Ndimayembekeza mudzi. Achimwene, kulibe munthu. Kuli mtsinje, udzu, nkhosa, ndi timakoma ta miyala tofika m'mawondo, pamene panali nyumba. Akuti zaka mazana awiri zapitazo mfumu yawo yomwe inaona kuti nkhosa zimapindulitsa kuposa anthu. Inawachotsa, madenga n'kutenthedwa, ena kukwera sitima za ku Canada, ena kudzafuna ntchito kuno ku Glasgow. Patapita nthawi nayonso inagulitsa chigwacho n'kuwatsatira.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji mumavalabe katumbu wa munthu amene anakuthamangitsani. Anati: "Nelia, titachoka kuno chinatsala n'chiyani china choti tigwire?" Anandionetsa kakhoma kena, akuti mwina ndi pamene panali nyumba ya agogo a agogo awo, koma sakutsimikiza. Chaka chilichonse amabwera, amaima pamenepo, amadya masangweji m'galimoto chifukwa cha mphepo, n'kubwerera.

Pamenepo ndinawauza za bwinja la amayi, zonse, ndi za Goodson zomwe.  Kenaka anaseka pang'ono, anati ndiye kuti iwo ataya dzina, ine ndataya malo, ndipo wapindula ndi Goodson, munthu yemwe sanabwere n'ku ukwati komwe. Anavula baji pachipewa chawo n'kundipatsa kuti ndikutumizireni. Ndinati kodi bwalo la ku Edinburgh lilola? Anati lamba alipo, palibe mlandu, ndipo mawu aja oti "Sindichoka pano," mwa anthu onse amene akuwadziwa, amene angawanene mosanama ndinu nokha.

Ili m'kabokosi kamene kali ndi kalatayi, a Gondwe akubwera nako ku maliro a mlamu wawo. A Alasdair akufunsabe za chizindikiro chathu. Akuti ngakhale makadi anapita, akufuna adziwe, kuti adzauze zidzukulu.

Ana ali bwino, apeza nyumba ku Govan. Tiyanjane ndamuuza za bwinja. Analira, kenaka anafunsa ngati Yvonne ali pa WhatsApp.

Ndine mlongo wanu,
Nelia

Mitundu
18 Novembala 2024

Mlongo wanga Nelia,

Tili bwino. Mvula yoyamba yagwa ndipo tabzala kumtunda. Kudambo wabzala ndi Yvonne.

Kabokosi kafika. Katumbuyo ndi wonenepa kuposa amene timawaona mumtsinje wa Diamphwe, koma nsomba waigwira bwino. Ndinavala Lamlungu kutchalitchi, anthu amayesa ndalowa chipani. Asewere uwathokoze. Uwauze kuti ndamva za chigwa chawo, ndipo usiku umenewo sindinadye bwino.

Nyumba ya Yvonne yafika pa mawindo. Mtengo umodzi wa mango anadula chifukwa unali pamene pakubwera khonde. Winawo ndinapempha kuti ausiye, ndipo ausiya. Ana ake amasewera pamene panali khitchini ya amayi. Ndikanama ndikati zimandinyansa. Pabwalo pamaseseka m'mawa uliwonse, ndipo madzulo pamafuka utsi, zomwe sizinachitike chimwalirireni amayi.

Funso la asewere uliyankhe chonchi. Chizindikiro chathu sichijambulika pa khadi. Mlendo akafika pamudzi n'kufunsa kuti ana a agogo athu a Nachisale ndi ati, timamulozera nyumba zimene zikufuka utsi. Akafunsa za amene anapita, timamutengera kumanda n'kumuonetsa mmene anagonera, mayi apa, mwana wake wamkazi apa, mdzukulu apa. China tilibe.

Euan asavutike ndi ulendo wa njerwa, palibe poziika. Akafuna kudzacheza abwere, tidzamuphera nkhuku ngati mlendo.

Kwatsala malo amodzi amene safuna njerwa. Pambali pa amayi, kudzanja lamanja, ndinawauza adzukulu okumba manda kalekale kuti asakumbepo, ndipo mpaka lero amvera. Loyce sanapafunse, koma wayamba kudwaladwala, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina ana ake adzapafunsa. Ulendo uno ndalemba zonse poyera kuti pasafunike womasulira. Undiyankhe, mlongo wanga, ngati pamenepo ndipasungebe.

Ndine mlongo wako,
Fryson